Saizi ya Apongozi

Anzake kuntchito ankamutchula kuti Tepi, ndipo dzinalo sanamunamizire. Mkaidi watsopano akangoima pakhomo la chipinda cha zovala, Tepi ankamuponyera diso kamodzi, kuchokera paphewa kutsikira kuchidendene, basi wamuyeza. Khosi, chiuno, kutalika kwa mwendo, zonse zalowa m'mutu. Telala wa m'tauni akanakhala ndi diso limenelo bwenzi atamanga nyumba yosanja. Koma Tepi ankayeza munthu kuti adziwe chovala chimene sichingamukhale, n'kumupatsa chomwecho.

Umo ndi momwe ntchito inkayendera pandende imeneyo, ndipo iye anaipeza ili choncho. Wamtali ankalandira kabudula wothera m'ntchafu. Wamimba ankalandira malaya oti batani ndi bowo lake zizingoyang'anizana ngati anthu odana. Wowonda ndiye ankaponyeredwa chikabudula cholowa anthu awiri, chopanda lamba, chopanda lasitiki, chopanda chingwe, poti chingwe chinali choletsedwa, ati mkaidi angadzimangirire nacho. Onani chifundo chake! Nsalu inali yachikasu chobaya m'maso, moti gulu likamatuluka kukatchetcha udzu m'mbali mwa msewu, agalu a kutsidya ankayamba kuuwa geti lisanatseguke bwinobwino.

"Chikwapu anatiletsa," ankatero a Mkulu wa ndende polangiza asilikali atsopano. "Mukamenya mkaidi lero, mawa a zaufulu atulukira ndi makamera kudzajambula zipsera. Koma ndani anajambulapo chipsera cha kabudula? Munthu amene dzanja limodzi lili m'chiuno sathawa, samenya mnzake, sakuyang'ana m'maso. Ameneyo ndiye wayamba kulapa."

Tepi sankadziona ngati munthu wankhanza, ndipo kunena zoona, sanamenyepo mkaidi. Anali msilikali wofatsa, wosamwa, wofika pakhomo dzuwa lisanalowe. Madzulo ankasimbira mkazi wake za anthu amene wawaveka tsikulo, monga loya wina wakuba amene kabudula anamugwa atakweza manja kuti asechedwe, ndipo mkaziyo ankaseka mpaka kugwira nthiti, uku akusita yunifolomu ya mwamuna wake. Nkhani zimakoma zikakhala za ana a eni.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankamusowetsa mtendere Tepi pansi pano: apongozi ake aamuna. Akuluwo anagwira ntchito moyo wawo wonse m'hotela yaikulu, kuyambira kutsuka mbale mpaka kukhala kapitawo wa operekera zakudya, ndipo atapuma pantchito anakana kupuma pa tayi. Kukagula buledi, tayi. Kukameta, jekete. Kampango ka m'thumba ankasita okha, ati ena onse sadziwa ngodya. Tsiku limene Tepi anakadzionetsa kwawo kwa mkazi wake asanakwatirane, akuluwo anamuyang'ana nsapato nthawi yaitali, kenako n'kutembenukira kwa akazi awo.

"Ndiye mwana wanga ndinamuphunzitsa kugwira foloko kuti akakwatiwe ndi wotsekera anthu?"

Ukwati unachitikabe, mwana anabadwa, koma apongoziwo sanasiye kumutchula mkamwini wawo kuti a Makiyi. "Mwaswera bwanji, a Makiyi? Lero mwatsekera angati?" Tepi ankangomwetulira.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina pasiteji ya basi apolisi ankathamangitsa ogulitsa malonda, ndipo kapolisi kena kachinyamata kanawakoka akuluwo pajekete kuti apatuke, thumba n'kung'ambika. Ambulera ya akuluwo inayankha pakamwa pasanatseguke, dzino la wapolisi n'kugwera m'fumbi. Kukhoti, woweruza ataona imvi anafuna kuwapezera potulukira.

"Bambo, ingopepesani, nkhaniyi ithere pano."

Akuluwo anakonza tayi. "Ayambe iyeyo wapepesa jekete."

Anawapatsa miyezi ingapo, ndipo ndende yapafupi inali yomweyo ya mkamwini wawo.

M'mawa wa tsiku lowatengera kundendeko, mkazi wa Tepi anasita yunifolomu mosalankhula, maso ali psuu. Atamaliza anaimika simbi, n'kumugwira mwamuna wake dzanja, chinthu chimene sankachitachita masana.

"Bambo a mwana, chikwatirane sindinakupempheni kanthu ka kuntchito kwanu. Lero ndikupempha chimodzi. Bambo anga asayende mawondo pamtunda atagwira kabudula. Njala apirira, kugona pansi apirira, koma zimenezo ziwapha ali chiimire. Mukandichitira chimenechi, simudzamva pempho langa lina."

"Mayi a mwana, khazikani mtima pansi. Zovala zili m'manja mwanga."

Ndipo tisabise, pansi pa chisonicho Tepi anali ndi kachimwemwe. Zaka zonsezi anali a Makiyi. Tsopano apongozi aone kuti makiyi amatsegulanso.

Galimoto ya kukhoti itafika, akaidi atsopano anaikidwa pamzere n'kuuzidwa kuti avule. Ena ankangotaya zovala pansi, koma akuluwo anapinda suti mwaulemu, tayi n'kumukulunga ngati akuika m'sutikesi ya paulendo. Tepi anachita ngati sakuwadziwa, iwonso anachita ngati akuona khoma. Anayamba ndi enawo monga mwa masiku onse, wamtali chachifupi, wonenepa chothina. Atafika pa apongozi analowa kuseri, n'kukwera pampando kufikira shelefu yapamwamba.

Pashelefu imeneyo pankakhala zovala zochepa zosokedwa ngati za anthu: buluku lalitali la lasitiki m'chiuno, malaya a mabatani okwanira. Zimenezo Tepi ankazitsitsa pokhapokha a Mkulu akatumiza mawu oti, "Wakutiyo mumuveke bwino." Chifukwa chake sanafunsepo. Iye ntchito yake inkathera pakhomo la chipinda cha zovala, m'maselo sankalowamo, ndipo ankangoganiza kuti a Mkulu nawonso ali ndi abale awo. Dzulo lake anali atasankhiratu za saizi ya apongozi, n'kubwereka simbi ya kuofesi, n'kuzisita. Kuzisita, abale! Buluku la mkaidi lokhala ndi mzere wakuthwa wotsika mpaka kuphazi.

Akuluwo anavala, anakoka mikono, anapukusa mapewa. Chikasu chinali chikasu ndithu, koma chinawakhala ngati chosoketsa.

"Paphewa pakhala bwino," ananong'ona osamuyang'ana.

Mawu atatu okhawo, ndipo Tepi anabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi. Mkazi wake atamva analira, anaseka, anathamangira kubutchala kukagula chiwindi chimene mwamuna wake ankachikonda. Tsiku limenelo m'nyumba munali ngati ukwati wayamba kumene.

Sabata isanathe, chakum'mawa ndithu, kunamveka kugogoda pachipinda cha zovala. Anali nyapala, mkaidi wamkulu woyang'anira anzake m'selo, chimunthu chimene chinakhala m'ndendemo nthawi yaitali kuposa asilikali ambiri. M'dzanja ananyamula ndodo, kunsonga kwake kukulendewera buluku ndi malaya, madzi akuchucha. Kumbuyo kwake kunaima apongozi atadzifunda bulangete, mlomo utatupa. Fungo ndilo linayamba kulowa.

"Bwana Tepi, madala awa akufuna zina. Zawo zagwera m'ndowa ya chimbudzi."

"Zagwera bwanji?"

"Zagwera eni ake ali momwemo."

Tepi anagwira tebulo. "Wachita ndani? Nditchulire pompano!"

"Aa, bwana, m'selo mumakhala anthu ambiri, ndipo onse anali m'tulo." Nyapala anayedzamira pachitseko n'kumuyang'ana ngati mwana wosochera pamsika. "Koma zoona zaka zonsezi simudziwa? Kwathu m'kati muja wovala zomukhala ndi khutu la ofesi. A Mkulu akamuveka munthu bwino ndiye kuti akumulipira pa zimene amakanong'oneza. Ndiye madala awa alowa ndi buluku losita, mawa lake kusecha, mafoni a anyamata onse apita. Mwina zinangokumana, kaya. Koma anyamata anaphatikiza okha."

"Iwowa sanaulule kanthu!"

"Ine ndikukhulupirira, bwana. Munthu wofunsa ngati muli sopo wa kumaso sangakhale kazitape. Koma buluku likulankhula mokweza kuposa ine. Lero ndi ndowa. Mawa sindikudziwa, inenso ndimagona ngati munthu aliyense."

Walira mvula walira matope. Tepi anauza nyapala kuti akataye zonyowazo ndi kudikira panja, n'kutseka chitseko. Anatsala awiri. Anakokera mpando, koma akuluwo anakana kukhala, ati angaudetse.

"Bambo, ndikhululukireni. Ndimati ndikukuchitirani ulemu."

"Ndaona." Khosi lawo linali chiimire. "Tsopano ndipatseni zimene mumapatsa anthu."

"Sizingatheke, bambo. Ndinalonjeza kunyumba."

"Munalonjeza mwana wanga, koma wogona m'menemo ndine. Ndipo musandipatse mobisa muno. Mukandipatsire pabwalo, onse akuona, mundinyoze momwe mumanyozera ena. Mukanyengerera, aona."

"Ndikasuntha selo yanu, kapena ndikauza a Mkulu..."

"Ndiye mwawatsimikizira kuti ndine wa ofesi. Ndagwira ntchito pakati pa anthu moyo wanga wonse, ndimadziwa pamene tebulo lakwiya."

Kenako akuluwo anayang'ana pansi, pa zala zawo za kumapazi zimene Tepi anali asanazionepo chikwatirire mwana wawo.

"Chinanso. Za ndowazi mwana wanga asamve. Kaya ndili moyo, kaya ndafa. Iye amandidziwa ndili mu tayi. Akamva, nthawi zonse akandiyang'ana azidzaona zimenezi, ndipo ine ndizidzaona kuti akuziona. Kabudula ndipirira, koma icho sindingathe. Ndakupemphani, mwananga."

Mwananga! Mawu amene Tepi anawadikira zaka zonse anabwera akununkha chimbudzi. Analumbira, misozi ili lengelenge.

Masana, akaidi ali pamzere wa chakudya, Tepi anatuluka pabwalo atanyamula zovala m'khwapa. Ndipo apa ndi pomvetsa chisoni: diso lake silinamukane. Linasankha lokha chikabudula chachikulu kuposa zonse, cha wina amene anali ngati ng'ombe, ndi kamalaya koti mikono ithere m'khwapa, mimba n'kutsala panja.

"Iwe nkhalamba, tabwera kuno!" anakuwa. "Unaona ngati kuno ndi kuhotela? Ndinakusokoneza ndi munthu, ndakupatsa za anthu, iwe n'kukasambira nazo m'ndowa. Vala izi!"

Anaziponya m'fumbi. Akuluwo anawerama, anatola, anavalira mkati mwa bulangete, kenako nyapala anakoka bulangetelo. Timiyendo tiwiri totuwa tinatulukira pansi pa chikabudula ngati mitengo ya tenti. Wina anayamba kuseka kumbuyo, bwalo lonse n'kuphulika. Akuluwo anagwira m'chiuno ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kutenga mbale, n'kukaima kumapeto kwa mzere, chibwano chili m'mwamba. Atafika pamphika, mbale inafuna manja awiri, kabudula n'kuyamba ulendo wotsika. Mnyamata wina wakuba magalimoto, amene mwina anagwira nawo ndowa ija, anatambasula dzanja.

"Bweretsani, madala, ndikugwirireni."

Mankhwala anagwira. Masiku ochepa okha, akuluwo anasamutsidwa kuchoka pafupi ndi ndowa kupita kukhoma la zenera, malo a anthu olemekezeka. Anali "madala athu". Ankaphunzitsa achifwamba kupinda malaya pansi pa mphasa kuti adzuke ngati osita, ndi kuwasimbira za nduna zimene zinkaba masupuni kuhotela. Tepi akamadutsa pabwalo, iwo ankalavula pambali, akaidi n'kumasangalala.

Kunyumba Tepi sananene kanthu. Madzulo aliwonse mkazi wake ankamuchingamira pakhomo ndi funso lomwelo, "Bambo ali bwanji?" ndipo iye ankayankha kuti ali bwino, akudya, anzawo akuwakonda. Zonsezo zinali zoona, ndipo zinkamuwawa kuposa bodza. Ankamuzengereza mkaziyo kukawaona: sabata ino atsopano saloledwa alendo, sabata ya mawa kuli kupopera mankhwala a nsikidzi. Koma zifukwa zimatha. Anaganizapo zowaveka apongozi buluku labwino kwa kanthawi ka alendo kokha, koma alendo ankaonana ndi akaidi pawaya wa pabwalo, ndende yonse ikuonerera.

Loweruka lina mkaziyo anangodzuka, kuvala diresi limene bambo ake ankalikonda, kulongedza sopo, shuga ndi buledi m'basiketi. Tepi tsiku la alendo ankathandiza kusecha katundu pafupi ndi waya, choncho anaona zonse. Anaona mkazi wake akuyendetsa maso pagulu lachikasu, kufunafuna munthu wa buluku lalitali. Anaona maso ake akudumpha nkhalamba ya chikabudula, kupitirira, kenako kubwerera. Basiketi inagwa, shuga n'kumwazika.

"Bambo a mwana!" Mawu ake anamveka bwalo lonse, akuyang'ana Tepi. "Bambo anga ndi awa? Bambo anga ndi awa, inu?"

Makutu onse a kuseri kwa waya anaima. Madala athu ndi apongozi a Tepi? Nyapala anatembenuka pang'onopang'ono. Mnyamata wa magalimoto uja anasiya kulankhula ndi mlendo wake. Tepi anaona nkhope zikusintha, anthu akuyambanso kuphatikiza, ndipo anadziwa kuti ndowa ikubwerera, mwina ndi china choposa ndowa. Akuluwo nawonso anaona, ndipo sanachedwe.

"Usamutchule pamaso panga galu ameneyo!" anakuwa, dzanja limodzi m'chiuno, lina likuloza mkamwini. "Sindinakuuze ine? Sindinakuuze kuti wotsekera anthu alibe mtima? Anandivula pabwalo pano, dzuwa likuswa mtengo, anthu onsewa ndi mboni! Anadikira zaka zonsezi kuti ndigwe m'manja mwake. Munthu wobwera kudzafunsira mkazi nsapato zosapolisha! Munthu wodya ndi supuni ya tiyi! Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti mwana wanga wataika!"

Anapitiriza, ndipo sanaphonye kalikonse, ngakhale za keke ya paukwati imene Tepi anaidula mokhota. Tepi anaima chilili, buledi wa mlendo wina ali m'manja, osadziwa pamene pathera sewero ndi pamene payambira mtima. Kuseri kwa waya kunamveka kung'ung'udza kwa chisoni.

"Asa! Mpaka apongozi ake enieni?"

"Tepi si munthu, amangwetu."

"Limbani mtima, madala, tili nanu."

Mkaziyo anakanirira zala pawaya. "Bambo, mlomowo watani? Alipo wakumenyani?"

"Ndinagunda chitseko. Palibe wandikhudza muno. Anzangawa ndi anthu, amandisunga ngati bambo wawo. Wondichititsa manyazi ndi mmodzi yekha, ndipo umamuphikira ndiwe."

Tepi atafika kunyumba madzulo ake, anapeza mwana atatumizidwa kukasewera kwa aneba. Mkazi wake anakhala pampando wa patebulo, diresi lija asanavule, manja ali pamiyendo. Sanakuwe, ndipo Tepi akanakonda akanakuwa.

"Saizi yawo inalipo?"

"Inalipo."

"Munawaveka tsiku loyamba, monga munandiuzira?"

"Ndinawaveka."

"Kenako munawavula pagulu."

"Eya."

"Anakutumani a Mkulu?"

Apa panali pothawira, khomo lotsegula ndithu, koma akazi a asilikali amatunga madzi pampopi umodzi, ndipo bodza limenelo silikanafika Lolemba. "Ayi," anatero.

"Nanga n'chiyani, bambo a mwana? Za a Makiyi zomwezi? Ine ndinkaseka nkhani zanu pano, osadziwa kuti mukunola mpeni wa bambo anga."

"Ndimawateteza. M'kati muja wovala bwino amamuyesa kazitape. Akanapitiriza ndi buluku lija, bwenzi zinthu zitaipa."

"Zitaipa bwanji? Anawachita chiyani?"

Mkaziyo anapitiriza yekha.

"Ndawafunsa ndekha, akuti palibe anawakhudza. Ndaona ndi maso anga anzawo akuwatolera shuga pansi pa waya. Ndiye mmodzi wa inu awiri akundinamiza, ndipo bambo anga analolera ndende kusiyana n'kunena pepani wabodza." Anasendeza mpando pafupi, mawu n'kufewa, ndipo apa ndi pamene Tepi anavutika koposa. "Ine sindikufuna kukudani. Ndinu bambo a mwana wanga. Ngati chilipo chimene anawachita, ndiuzeni, ndikukhulupirirani lero lomwe. Ingondiuzani."

Liwu lake linali lalifupi, ndowa, ndipo linali kale palilime. Akanangolitulutsa, mkazi wake akanamugwera pachifuwa, chiwindi chikanabwerera patebulo. Koma mkaziyo akanapitanso kuwaya Loweruka lotsatira ndi maso ena, ndipo nkhalamba ija, imene inkadziwa kuwerenga nkhope za anthu kuchokera kukhomo la khitchini, ikanazindikira asanapereke moni. Tepi ankamukonda mkazi wake, ndipo mtima unkamupweteka ngati waupondetsa galimoto.

"Palibe chimene anawachita," anatero.

Mkaziyo anamuyang'ana nthawi yaitali, anagwedeza mutu pang'ono ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu n'kuganiza zosagula, n'kupita kukatenga mwana.

Lolemba pa perete, asilikali ali ndandanda padzuwa, a Mkulu anaitana Tepi kutsogolo. Tepi anadziwa kuti za shelefu yapamwamba zamveka, ndiponso zobisa ubale, ndipo anayamba kuganiza kumene angakapemphe ntchito ya ulonda. Koma a Mkulu anali kumwetulira mpaka mano a kumapeto.

"Tamuonani msilikali uyu! Akuluakulu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Uyu anamupeza khoswe pamkhate wa m'nyumba mwake, sanayang'ane mkhate, anangomenya! Apongozi ake enieni, bambo a mkazi wake, anawaveka monga mwa mwambo wa ntchito yathu, mwinanso kuposerapo. Inu nonse mumabisira abale anu fodya m'masokosi, phunzirani apa."

Anamupatsa nyota yansalu, chizindikiro cha kukwezedwa, yoti asokerere paphewa, asilikali n'kuwomba m'manja. Ena anamumenya pamsana pomuyamikira, ena anamuyang'ana chammbali ngati galu amene sunkadziwa kuti amaluma.

Nyotayo anaibisa m'thumba la buluku, koma nkhani inali itamutsogolera kale kudzera kumpopi. Atalowa m'nyumba anapeza sutikesi ndi chikwama zili pafupi ndi chitseko, mwana atasambitsidwa, atavekedwa nsapato. Mkazi wake anali atakhala pamalo pomwe paja, singano ndi ulusi zili patebulo.

"Bweretsani," anatero, atatambasula dzanja.

"Mayi a mwana, tiyeni tikambirane kaye."

"Vulani malayawo, basi ingandisiye."

Tepi anavula, n'kuima ndi vesiti pakati pa nyumba yake. Mkaziyo anaika nyota paphewa la malaya, anaiyang'ana, anaisuntha pang'ono kuti iwongoke, n'kuisoka ndi timisoko ting'onoting'ono tolimba, osafulumira. Atamaliza anadula ulusi ndi mano, anakutumula malayawo, n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Mayi ali okha kunyumba, ndikukakhala nawo. Chakudya chili pambaula, bwana."

"Mubwera liti?"

Mkaziyo ananyamula chikwama, n'kumugwira mwana dzanja. Sutikesi inali yolemera, ndipo panalibe wina woti ainyamule, choncho Tepi anavala malaya ake n'kuisenza paphewa. Anayenda kumbuyo kwa mkazi wake ndi mwana wake kudutsa nyumba zonse za asilikali mpaka kusiteji, ndipo m'njira monse anthu ankatuluka m'makomo kudzamuyamikira kuti wakwezedwa.